Kasitomala Ndi Mmodzi, Nanga Mabuku Awiri N'ngachiyani?

Makampani ambiri akuluakulu amalipira mapulogalamu awiri a pakompyuta poyendetsa bizinesi imodzi. Yoyamba amaitchula CRM, ndipo amati imasunga zonse zokhudza makasitomala: ndani anaimba foni, anafunsa chiyani, analonjezedwa chiyani, adzaimbiridwenso liti. Yachiwiri amaitchula ERP, ndipo amati imeneyi ndiye imagwira kampani yonse: ndalama, katundu, zogula, malipiro a antchito, misonkho. Apa ndi pomwe ine ndimaima n'kufunsa. Ngati yachiwiriyi imagwira kampani yonse, kasitomala watsala kunja bwanji? Kodi iyeyo si mbali ya bizinesi? Ndimayesa popanda iye palibe ndalama zoti muwerenge, palibe katundu wotuluka pageti, ndipo malipiro a antchito alibe kochokera. Nanga munthu wofunika chonchi n'kumamusunga m'buku lapadera, logulidwa kwa kampani ina, lolipiridwa padera mwezi ndi mwezi, nzeru yake ndi yotani?

Mayi wa golosale alibe vuto limeneli. Munthu akaima pakauntala n'kunena kuti, "Mayi, mundipatseko shuga ndi sopo, ndidzapereka pakutha pa mwezi," mayiyo amayankha mafunso atatu mumtima asanatsegule pakamwa: munthuyu ndimamudziwa bwanji, shuga watsala mapaketi angati, ya mwezi watha anabweza kodi? Zonsezi zili m'mutu umodzi, ndipo zimene mutu ungaiwale zili m'kabuku ka ngongole kamene kamagona m'dirowa imodzi ndi ndalama. Sangalonjeze katoni ya mafuta ophikira yomwe alibe, chifukwa maso amene akuona kasitomala ndi omwewo akuona shelefu. Bizinesi ikakula, mutu uja umagawika. Wina amakhala panja kusakasaka ogula, wina kosungira katundu, wina pa mabuku a ndalama. Kugawana ntchito ndikukumvetsa. Chimene chikundivuta n'chakuti, popeza kompyuta inabwera kudzabweza zonse pamalo amodzi, inalekeranji panjira?

Mbiri yake imayankhako pang'ono. Mapulogalamu awiriwa sanabadwire nyumba imodzi. ERP inachokera m'fakitale. M'zaka za m'ma 1960, mafakitale a ku America ankalimbana ndi funso la masamu: ngati tikufuna kutulutsa makina 1,000 mwezi wa mawa, tifunika mabawuti angati, mawaya otalika bwanji, ndipo tiziitanitse liti kuti zifike pa nthawi yake? Njira yowerengera zimenezi pakompyuta inkatchedwa MRP, ndipo Joseph Orlicky wa ku IBM anailembera buku mu 1975. Mu 1972 anthu asanu amene anasiya ntchito ku IBM ku Germany anayambitsa kampani ya SAP, ndi cholinga choti chinthu chikalembedwa mu ofesi imodzi chizioneka nthawi yomweyo m'maofesi ena. Pang'onopang'ono masamu a m'fakitale anaphatikizana ndi mabuku a ndalama, zogula ndi za antchito, mpaka mu 1990 kampani yofufuza za makompyuta ya Gartner inapatsa zonsezi dzina lakuti ERP. Mukayang'anitsitsa, zonsezi ndi za m'kati mwa mpanda. Kasitomala amalowamo ndithu, koma amalowa ngati nambala ya akaunti, ndipo amalowa pokhapokha akaoda katundu.

CRM inachokera m'thumba la wogulitsa. Kale munthu woyenda ndi malonda ankasunga timakadi ta mayina ndi manambala a foni, ndipo m'maofesi a ku America timakadito ankatimangirira pa kachipangizo kozungulira kotchedwa Rolodex. Mu 1987 kunatuluka pulogalamu ya ACT! yomwe inasamutsira timakadi timeneti pakompyuta. Kenako Tom Siebel, yemwe anagwirapo ntchito ku Oracle, anayambitsa Siebel Systems mu 1993. Marc Benioff, wochokeranso ku Oracle komweko, anayambitsa Salesforce ku San Francisco mu 1999, ndi njira yoti kampani isaike kalikonse pa makompyuta ake koma izingolowa pa intaneti n'kumalipira ngati lendi. Anthu awiriwa anatuluka m'kampani yomwe inali kale ndi mapulogalamu a mabuku a ndalama. Ndiye anapitiranji kukamanga chawo kunja? Anaona chiyani chomwe mabuku a ndalama sankachiona?

Yankho limene landigwira mtima ndi lakuti anaona munthu amene sanagulebe. Munthu yemwe wangofunsa mtengo n'kunena kuti "ndikuuzani" alibe malo m'buku la ndalama. Alibe invoisi, alibe ngongole, alibe lisiti. Akauntanti atafuna kumulemba, amulemba pa mzere uti? Koma kwa wogulitsa munthu ameneyu ndiye malipiro a mwezi wa mawa. Ayenera kukumbukira kuti anafunsa Lachiwiri, kuti akudikira ndalama za fodya, kuti wapitanso kukafunsa mitengo kwina, kuti wolamula kugula si iyeyo koma bwana wake. Mu CRM wogulitsa amaloledwa kulemba kuti mwayi woti munthuyu agule ndi 60 peresenti. Nambala yotereyi ndi maganizo a munthu, ndipo mawa ikhoza kukhala 20. Mu ERP nambala yotero ilibe polowera, chifukwa zimene zili mmenemo ndi zomwe oditala adzafufuze ndiponso zomwe a msonkho adzawerengere. Buku limodzi ndi la "mwina", linalo ndi la "zachitika".

Kuuma mtima kwa buku lachiwirili, ife a ku Malawi sitifunika kuuzidwa phindu lake. IFMIS, yomwe boma limalipirira ndi kuwerengera ndalama zake, ndi pulogalamu ya mtundu womwewu. Pa nkhani ya Cashgate ya mu 2013, china chimene ofufuza anapeza n'chakuti ndalama zinkalipidwa, kenako zolembedwa zake n'kufufutidwa m'pulogalamumo. Buku la ndalama lolola munthu kulemba ndi kufufuta mmene wafunira limaitana akuba. Choncho ndikuvomera kuti buku lomwe wogulitsa amasintha kangapo pa tsiku lisakhale lomwelo limene akauntanti amatsekera mwezi.

Koma kuvomera kumeneku kwangobala funso lina. Munthu wa "mwina" uja tsiku lina amati, "Eya, ndigula." Pamenepo amawoloka bwanji kuchoka m'buku ili kupita m'buku ilo? Amamuwolotsa ndani?

Tiyeni titsatire oda imodzi. Tinene kuti ndi kampani yogulitsa zipangizo zomangira, ndipo kontilakitala wina waimba foni akufuna malata 400 a geji 28, a mafiti 12, oti afolerere midadada ya sukulu mvula isanayambe. Wogulitsa watsegula CRM, walemba dzina, nambala ya foni, malo a ntchitoyo ndi tsiku lomwe malatawo akufunika. Kontilakitala akuti, "Akulu, munditumizire kotesheni lero lomwe, mawa ndikukaonana ndi eni ntchito." Tiime kaye pomwepa. Mtengo wa pa kotesheniyo ukuchokera kuti? Mtengo weniweni uli ku ERP, chifukwa kumeneko n'komwe kukudziwika kuti malatawo anagulidwa zingati, thiransipoti inadya zingati, msonkho zingati. Ngati CRM imakoka mtengo kumeneko nthawi yomweyo, zili bwino. Ngati pali munthu amene amakopera mndandanda wa mitengo kamodzi pa sabata, kapena akakumbukira, kotesheni ikhoza kutuluka ndi mtengo womwe unatha kale. Amene ankachita malonda mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa kuti mtengo wa dzana ungatalikirane bwanji ndi wa lero. Kotesheniyo yapita ndi chidindo cha kampani. Mukailemekeza muluza, mukaikana kasitomala akuti mwamunamiza.

Mawa lake kontilakitala wavomera. Wogulitsa wadina batani losonyeza kuti malonda atheka, ndipo kwa iye nkhani yatha; mwina wayamba kale kuwerengera komishoni. Koma kosungira katundu palibe akudziwa kanthu. M'makampani ambiri chowolotsa oda ndi munthu. Wina amasindikiza pepala kapena kutumiza chithunzi pa WhatsApp, kalaliki wa ku maakaunti n'kuyamba kutaipa zonse kachiwiri. Apa ndi pamene dzina limasweka. Wogulitsa analemba dzina lonse la kampani ya kontilakitalayo, kalaliki walifupikitsa, ndipo chaka chatha kalaliki wina analemba dzina la mwini wake. Munthu mmodzi wasanduka makasitomala atatu. Ngongole yake nayo yagawika patatu, ndipo chigawo chilichonse chikuoneka chaching'ono, chosafika pa malire amene kampani inamuikira. Kompyuta singadziwe kuti atatuwa amadya m'mbale imodzi ngati palibe waiuza.

Chabwino, tinene kuti dzina lalowa bwino. ERP tsopano ifunsa mafunso awiri omwe CRM sinafunse. Loyamba, malatawo alipo? Wosunga katundu akawerenga ndi maso apeza 400 ndithu, koma 250 mwa iwo anasungidwira kale munthu wina amene analipira dzulo ndipo sanabwere kudzatenga. Omasuka ndi 150 okha. Lachiwiri, munthuyu tingamukongoze? Buku likuonetsa kuti simenti amene anatenga mu Malichi sanamalize kulipira. Oda yaimitsidwa, ndipo ERP yachita ntchito yake bwinobwino. Koma kodi wogulitsa wauzidwa? Pa sikirini yake pakuonekabe kuti malonda atheka. Kontilakitala wachita hayala lole, dalaivala wafika pageti m'mamawa, mlonda akuti dikirani, kusukulu kuja amisiri ali padenga ndi misomali m'thumba. Kontilakitala akuimbira yekhayo amene amamudziwa, wogulitsa uja, yemwe akuyankha kuti, "Pepani bwana, ndifunse kaye ku maakaunti."

Apa wolakwa ndani? Wogulitsa ananena zoona zimene ankaziona. Akauntanti wateteza ndalama za kampani. Wosunga katundu sanapereke malata a mwini. Mapulogalamu onse awiri achita zimene anawapangira. Komabe munthu walipira lole yomwe yabwerera yopanda kanthu, ndipo mvula siidikira. Iye sadziwa za CRM kapena ERP. Amangodziwa kuti kampani imodzi inamuuza kuti eya Lachitatu, Lachisanu n'kumuuza kuti ayi.

Ndiponso si oda yokha imene iyenera kuwoloka, palinso zoyenera kubwerera. Katundu akatuluka, invoisi ikalembedwa, ndalama ikalowa kapena ikachedwa, malata ena akabwezedwa chifukwa anafika opindika, wogulitsa ayenera kuziona zimenezi asanaimbenso foni. Apo ayi adzaimbira munthu wokwiya kumutsatsa penti, kapena kulonjeza kuchotsera mtengo munthu yemwe a ku maakaunti akumulembera kalata yomuopseza ndi maloya.

Wina anganene kuti izi ndi za makampani ang'onoang'ono osowa ndalama zogulira zinthu zabwino. Nanga za Hershey tinene chiyani? Iyi ndi kampani ya chokoleti ndi maswiti ya ku Pennsylvania ku America, imodzi mwa zikuluzikulu m'dzikolo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makampani ankaopa kuti makompyuta akale adzasokonekera chikadzakwana chaka cha 2000, ndipo Hershey inaganiza zosintha zonse. Inagula mapulogalamu atatu kwa makampani atatu: SAP R/3 ya mabuku a ndalama ndi katundu, Siebel ya makasitomala, ndi Manugistics yokonzera kayendedwe ka katundu. Ntchito yonse inadya madola 112 miliyoni. Inkayenera kutenga miyezi 48, koma anaipanikiza kukhala ya miyezi 30, ndipo mbali zolandira maoda ndi zotumiza katundu anaziyatsa pakamodzi mu Julayi 1999.

Julayi ndi nthawi yomwe masitolo a ku America amayamba kuoda maswiti a Halloween, chikondwerero cha pa 31 Okutobala pomwe ana amayenda khomo ndi khomo kupempha maswiti. Kampani ya maswiti imagulitsa kwambiri nyengo imeneyi. Maoda analowa, koma sankafika bwino kwa opakira katundu. Maswiti anali tho mosungira katundu, ogula anali ndi ndalama m'manja, koma pakati pawo panalibe njira. Katundu wa madola pafupifupi 100 miliyoni sanafike m'masitolo pa nthawi yake, phindu la miyezi itatu imeneyo linatsika ndi pafupifupi 19 peresenti, ndipo eni masitolo anadzaza mashelefu awo ndi maswiti a makampani ena.

Chimene chimandizunguza mutu pa nkhaniyi n'chakuti mwa mapulogalamu atatuwo panalibe yachabechabe. Onse ankagwira ntchito m'makampani ena ambirimbiri, ndipo Hershey yomweyo sinasiye SAP. Chomwe chinadulidwa pothamangira tsiku ndi nthawi yoyesa ngati oda ikuyenda kuchokera koyambira mpaka kothera, pamodzi ndi nthawi yophunzitsa antchito. Ndiye ndifunse: ngati polumikizira ndi pamene pamaduka, n'chifukwa chiyani pogula anthu amatha masiku akuyerekezera mapulogalamu, iyi ili ndi chakuti iyo ilibe, koma zikafika pa za polumikizira amangoti, "Zimenezo a IT adzaona"?

Funso lotsatira limabwera lokha. Bwanji osangogula zonse kwa kampani imodzi? Opanga mapulogalamu anaziganizira kale zimenezi. Oracle inagula Siebel mu 2006 pa madola 5.85 biliyoni, n'kubweza m'nyumba zomwe mwana wa m'nyumba momwemo anakamangira kunja. Microsoft inagula Great Plains mu 2001 ndi Navision ya ku Denmark mu 2002, inatulutsa CRM yakeyake mu 2003, ndipo mu 2016 inaika zonse pansi pa dzina limodzi la Dynamics 365. SAP nayo ili ndi CRM yake. Palinso ena, monga NetSuite, yomwe Oracle inagula mu 2016, ndi Odoo ya ku Belgium, omwe za makasitomala, za katundu ndi za ndalama amazisunga malo amodzi. Kumeneko kotesheni imasanduka oda, oda n'kusanduka invoisi, popanda wotaipanso dzina. Kwa ine limeneli likumveka ngati yankho lenileni. Nanga bwanji dziko lonse silinathamangire komweko?

Salesforce, yomwe ilibe ERP yakeyake, ndiyo yakhala ikutsogola kwa zaka zambiri pa malonda a CRM padziko lonse. Makampani ambiri omwe mabuku awo ali pa SAP kapena pa Oracle amagulirabe ogulitsa awo Salesforce. Ndipo mu 2018 Salesforce inalipira madola 6.5 biliyoni kugula MuleSoft, kampani yomwe ntchito yake ndi kulumikiza mapulogalamu kuti azipatsirana uthenga. Taonani manambala awiriwo. Ngakhale pakati pake panapita zaka 12, n'zopatsa chidwi kuti yolumikizira chabe inagulidwa pa mtengo woposa umene Siebel yonse inagulidwira. Dzina limodzi nalo silitanthauza buku limodzi. Mu Dynamics 365, mbali ya ogulitsa ndi mbali ya zachuma zinabadwira kosiyana, ndipo kampani yogula zonse ziwiri imafunikabe kukonza kuti zizilankhulana.

Ndikamvetsera zomwe anthu a mbali ziwirizi amadandaula, ndimayamba kukayika ngati vutoli lili m'makompyuta n'komwe. Ogulitsa amati ERP ndi youma: kuti ulembe munthu watsopano ikufuna nambala ya msonkho, adiresi, masiku a ngongole, chilolezo cha bwana, pomwe iwe uli pamsewu ndi foni m'manja, netiweki ikudukaduka. A ku maakaunti amati CRM ndi bwalo la aliyense, anthu amalemba zomwe akulota. Onse akunena zoona. Koma tafunsani funso ili pakampani iliyonse: komishoni ya wogulitsa imawerengedwa kasitomala akavomera, kapena ndalama ikalowa ku banki? Ngati ndi pa kuvomera, wogulitsa alibe chifukwa choyang'anira ngongole ya munthu, ndipo ngakhale mutamuikira nambalayo pa sikirini m'zilembo zofiira, sadzaiona. Ngati ndi ndalama ikalowa, adzapita yekha ku maakaunti kukapempha kuti azimuonetsa. Kodi ilipo pulogalamu yomwe ingagwirizanitse anthu awiri amene kampani yomweyo ikuwalipira kuti azikokana?

Pali mbali ina imene imaiwalika kawirikawiri, chikhalirecho ndi pamene mabuku awiriwa amafunana kwambiri. Ntchito yoyamba ya ERP, kuyambira masiku a MRP aja, ndi kukonzekera: tigule zingati, tigule liti. Koma payokha imadziwa zakale zokha ndi maoda omwe alowa kale, monga zomwe zinagulidwa chaka chatha mwezi ngati uno. Zomwe zikubwera zili ku CRM: makontilakitala angati afunsa malata, ndani akumanga kuti, ndani wasiya kuyankha foni. Kwa kampani ya m'dziko lopanda doko ngati lathu, yomwe katundu wake amadzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo madola ogulira amapezeka movutikira, kudziwiratu zimenezi n'kofunika kwambiri, chifukwa katundu woitanitsa lero safika mawa. Koma apanso pali funso. Manambala a "mwina" aja, woitanitsa katundu awakhulupirire mpaka pati? Wogulitsa wofuna kusangalatsa bwana amawakweza, kampani n'kudzaza katundu wosayenda. Wochenjera amawabisa, kuopa kuti amuwonjezera chiwerengero chimene ayenera kugulitsa, kampani n'kupezeka ilibe katundu nthawi ya malonda. Mukalumikiza mabuku popanda munthu wofunsa wogulitsa aliyense kuti "60 wakoyu wamutenga kuti?", mwangofulumizitsa bodza kuti lifike msanga kwa wosayina cheke.

Funso lina ndikulifunsa ngati kasitomala, poti tonsefe ndife makasitomala a wina wake. Pocheza ndi wogulitsa munthu amalankhula zambiri: kuti ndalama zamuvuta, kuti eni ntchito sanamulipire, kuti mwezi wa mawa ali ndi ukwati wa mwana. Zonsezi zimalembedwa mu CRM? Zikalumikizidwa ndi buku la ngongole, akuziona ndi anthu angati? Ku Ulaya lamulo la GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Meyi 2018, limapatsa munthu ufulu wopempha kuti zokhudza iye zifufutidwe, ndipo dziko la Malawi nalo linakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wokhudza anthu mu 2024. Munthu akapempha kufufutidwa, mu CRM zimatheka. Mu ERP invoisi yake iyenera kukhalabe kwa zaka, chifukwa malamulo a msonkho amatero. Kampani yosadziwa kuti chakuti chimakhala m'buku liti ingamvere bwanji malamulo awiriwa pakamodzi?

Kwa mwini bizinesi amene ndalama zake zikukwana pulogalamu imodzi yokha, ine ndinganene kuti ayambe ndi yowerenga katundu ndi ndalama. Makasitomala ochepa mukhoza kuwasunga m'kope kapena pa Excel kwa kanthawi, koma katundu wosadziwika kuchuluka kwake ndi ngongole zosatsatidwa zimagwetsa bizinesi mwini wake akumwetulira ndi ogula. Osiyana ndi okhawo amene sasunga katundu, monga alangizi ndi ogulitsa inshulansi, omwe chuma chawo chachikulu ndi anthu amene akulankhula nawo.

Inu amene muli nawo onse awiri, kapena mukufuna kugula yachiwiri, musanaitane a makompyuta khalani pansi ndi mkulu wa ogulitsa, akauntanti ndi wosunga katundu. Mugwirizane kuti dzina la kasitomala limabadwira m'buku liti, mtengo mwini wake ndani, ndipo ndani yekhayo amene angasinthe malire a ngongole. Kenako wotsatsa pulogalamu akabwera ndi zithunzi zake zokongola, mupempheni chinthu chimodzi. Atenge oda ya kasitomala wanu weniweni, yemwe ali ndi ngongole yakale ndipo akufuna katundu woposa amene alipo, aiyendetse inu mukuona kuchokera pa foni yoyamba mpaka pa lisiti, dzina litalembedwa kamodzi kokha. Akakuuzani kuti zimenezo adzakonza mukasayina, musasayine.